Malawi ndi Tanzania Sali pa Nkhondo

Uthenga wamtunduwu umabwerabwera pa WhatsApp: kavidiyo ka asilikali ali m'magalimoto, pansi pake alembapo kuti Malawi ndi Tanzania ayamba kumenyana, boda ya Mwami, ya pakati pa Zambia ndi Malawi, itsekedwa. Amalonda a ku Kapata, ku Chipata, amene amapita ku Mchinji ndi Lilongwe mtima umakhala m'mwamba.

Mkangano ulipo ndithu, koma ndi wa malire a pa nyanja ya Malawi. Malawi amaimira pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany, limene linaika malire m'gombe la kum'mawa. Tanzania akuti malire adutse pakati pa madzi. Nkhaniyi inatentha mu 2012, Malawi atapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo, ndipo atsogoleri akale a mayiko, Joaquim Chissano wa Mozambique, Thabo Mbeki wa South Africa ndi Festus Mogae wa Botswana, anakhala amkhalapakati. Zokambiranazo sizinaphule kanthu, komabe mfuti sizinalire.

Komanso mbali yomwe akukanganirana ili kumpoto, kutali kwambiri ndi Mwami.

Mavidiyo otere nthawi zambiri amakhala akale kapena a dziko lina. Boda yaikulu chonchi siingatsekedwe mawailesi a ZNBC ndi Breeze FM osanenapo kanthu. Musanatumize, yambani mwafunsa oyendetsa mataxi a ku Mwami.