Mawanga oyera pa sikani ya agogo akunena za BP, osati za dzanja

Pali mawu amodzi amene atopetsa makutu kuno ku Salima: "Anawajambula mutu, akuti ubongo wawola, n'chifukwa chake akunjenjemera." Mwana wa ku Joni watumiza ndalama, agogo akwezedwa minibasi ya ku Lilongwe, abwerako ndi envulopu yaikulu ndi kapepala ka Chingerezi. Pakapepalapo palembedwa white matter hyperintensities, kapena chronic small vessel ischaemic changes, kunena mawanga oyera amene aoneka pa sikani, chithunzi cha ubongo. Mdzukulu wa Fomu 4 awerenga, mlandu n'kuthera pakhonde pomwepo. Ayi ndithu, ubongo sunawole. Ndipo kawirikawiri mawanga amenewo si amene akugwedeza dzanja la agogo.

Pansi pa khungwa lotuwa la ubongo pali ulusi wa minyewa wosawerengeka, wokutidwa ndi mafuta oyera. Ulusiwu ndi umene umanyamula uthenga kuchoka chigawo china kupita china, mpaka kutsikira kumiyendo ndi kuchikhodzodzo. Magazi amafika kumeneko kudzera m'timitsempha tating'ono kwambiri, tatitali, tolowa kuchokera pamwamba pa ubongo. Amene analimapo mpunga ku Lifuwu kapena ku Bua akudziwa tsoka la munda wa kumapeto kwa ngalande: ngalande ikayamba kutsekeka, minda ya kumtunda imamwabe, wa kumapeto ndiye umayamba kufota. Ulusi woyera uja ndiye munda wa kumapeto. BP ikakhala yokwera zaka ndi zaka, makoma a timitsemphati amakhuthala n'kuuma, njira ya magazi imachepa, mafuta okuta ulusi amaperepeseka, ndipo pamalopo pamalowa madzi. Madzi amenewo ndi amene makina a MRI amaonetsa ngati mawanga owala mbee. Pa makina ena ojambula, a CT, malo omwewo amaoneka akuda pang'ono, ndipo ang'onoang'ono saoneka n'komwe.

Mukaona mawu akuti Fazekas pakapepala, ndi muyeso umene dokotala wa ku Austria, Franz Fazekas, ndi anzake anakonza mu 1987. Pa 0 palibe kanthu. Pa 1 ndi timadontho tomwazikana, ndipo anthu ambiri opitirira zaka 60 ali nato, ngakhale amene akupalasa njinga kupita ku Kamuzu Road tsiku ndi tsiku osadwala. Pa 2 madontho ayamba kulumikizana. Pa 3 agwirana kukhala zigamba zazikulu. Liwu loti lacune likutanthauza kabowo kosapitirira mamilimita 15 pamene kamtsempha kamodzi kanatsekekeratu, sitiroko yaing'ono imene mwina mwiniwake sanaimve n'komwe.

Nanga manjenjewo? Mtundu wake sudziwika ndi makina. Umadziwika ndi maso, komanso mafunso, m'mphindi khumi. Akhazikeni agogo pampando, manja ali pamaondo, muziwafunsa za mitengo ya usipa kuti aiwale kuti mukuwayang'ana. Dzanja limodzi likamagwedezeka lili phee pabondo, chala chachikulu chikuyenda ngati akuumba mbamu ya nsima, n'kusiya akangotambasula kuti atenge kapu, timaganiza za matenda a Parkinson. Pamenepo timafunafunanso zina: thupi louma, nkhope yosasintha, mkono umodzi wosagwedezeka poyenda, zilembo zomka zichepa kumapeto kwa mzere. Koma manja onse awiri akamakhala bata pamaondo n'kuyamba kuvuta ponyamula supuni ya phala, posainira ndalama kapena pomanga batani, mwina mutu nawo ukugwedezeka ngati akukana, mawu akunjenjemera poimba kutchalitchi, ndiponso mayi awo kapena amalume awo anali otero, amenewo ndi manjenje amene madokotala amati essential tremor. Ndiwo ofala kwambiri. Amachititsa manyazi, amatayitsa tiyi, koma sapha. Sikani wamba ya munthu wa Parkinson kapena wa manjenje a kumtunduwa nthawi zambiri imatuluka yofanana ndi ya mnzake wa msinkhu womwewo amene sanjenjemera. Akafukufuku ena poyerekeza magulu a okalamba apeza mawanga ochulukirapo pang'ono mwa onjenjemera, koma zimenezo sizitiuza chilichonse chokhudza gogo mmodzi amene wakhala patsogolo pathu.

Ndipo musanagulitse mbuzi kuti mupeze ya sikani, khuthulani kathumba ka mapiritsi. Ndimabwereza zimenezi mpaka kukhosi kuuma. Haloperidol ndi chlorpromazine, amene amaperekedwa munthu akasokonezeka maganizo, amabweretsa kuuma ndi manjenje ofanana ndendende ndi Parkinson. Metoclopramide wa mseru amachitanso zomwezo akamwedwa kwa milungu. Salbutamol ndi aminophylline wa mphumu, sodium valproate wa khunyu, amitriptyline, onsewa amagwedeza manja. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira, munthu amaonda, amatuluka thukuta, mtima umathamanga, manja n'kumanjenjemera. Wa shuga amene wamwa glibenclamide osadya amanjenjemera. Wozolowera kachasu amanjenjemera m'mawa asanalawe. Zonsezi palibe chimene chimaoneka pa chithunzi cha mutu. Musasiye nokha mankhwala a khunyu kapena a maganizo, koma pitani nawo, dokotala aone ngati angasinthe.

Pali bambo wina wa kunyanja amene nkhani yake imandiwawabe. Zaka zili m'ma 70, msodzi wopuma. Manja anayamba kunjenjemera ali ndi zaka za m'ma 40, onse awiri, ngati mmene ankachitira malemu mayi awo. Ankasokabe ukonde, pang'onopang'ono. Ana atapeza ndalama anati bambo akajambulidwe, tidziwe chimene chikuwadya. Kapepala kanabwera: Fazekas 2, timabowo tiwiri takale. M'buku lawo la kuchipatala munali BP ya 178/104, ina 182/100, ina 170/98, miyezi yosiyana, zolembedwa bwinobwino. Palibe amene anaika kapepala ndi bukulo pambali n'kuwauza kuti BP yokwerayi ndiyo yabala mawangawa. Banja linamva kuti ubongo unawonongeka kale, ndiye mapiritsi a BP n'ngachiyani, makamaka popeza ankawadzutsa usiku kukataya madzi. Anasiya. Anayamba kugula mabotolo a "kutsuka mitsempha". Chaka chisanathe, m'mamawa wina anawapeza ali pansi pakhomo la bafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Dzanja lamanja lija linasiya kunjenjemera, chifukwa linali litafa.

Manjenje awo akanatha nawo zaka zina zambiri. Mapiritsi okodzetsa aja akanangowauza kuti azimwa m'mawa, kapena kuwasinthira amlodipine. Chithunzi chinanena zoona, koma chinayankha funso limene banja silinafunse, ndipo yankholo linatayidwa.

Mawanga oyera akachuluka, chizindikiro chake musachifune m'manja. Yang'anani miyendo. Agogo ayamba kuyenda timasitepe tifupitifupi, mapazi otalikirana, akukhwekhwereza ngati zidendene zamatidwa pansi. Potembenuka amaponda kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Pakhomo amaima kaye ngati aiwala kayendedwe. Amagwa chagada. Mkodzo umawapanikiza mwadzidzidzi, safika kuchimbudzi. Kuiwala kwake si koiwala mayina a ana, koma kuchedwa: funso amayankha patapita nthawi, kuwerengera chenji kumawasokoneza, ntchito ya masitepe atatu amaisiyira pakati. Ena amangokhala duu pamkeka, osafuna kanthu, achibale n'kumati anyada kapena akwiya. Uku ndiko kuuma kochokera m'mitsempha ya magazi, ndipo levodopa, amene amathandiza kwambiri a Parkinson weniweni, kwa awa amathandiza pang'ono, ena osawathandiza n'komwe. Kuonjezera mlingo mosalekeza kumangobweretsa chizungulire ndi kuona zinthu zomwe palibe.

Bala limene lachitika mu ubongo silifufutika. Palibe piritsi, jakisoni, muzu kapena ufa wa m'botolo umene umachotsa mawanga amenewa. Chimene chimatheka ndi kuchepetsa liwiro limene akufalikira, ndipo chida chachikulu ndi BP. Kafukufuku wa SPRINT ku America, amene zotsatira zake za zithunzi za ubongo zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti amene BP yawo inatsitsidwa mwamphamvu mawanga awo anakula pang'ono poyerekeza ndi anzawo. Kuno kwathu kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Chakudza sichiimba ng'oma: BP ya 170 simveka m'thupi, mutu suwawa, munthu amalima. Akuti "ndimamwa ndikamva kuti yakwera" akudzinamiza okha.

Kuyeza kwake kukhale koyenera. Akhale pansi mphindi 5, msana utatsamira, mkono utagona patebulo, osalankhula. Ayezedwe kawiri, ndipo masiku osiyana. Cholinga ndi kutsika pansi pa 140/90, ndipo amene thupi likulola dokotala angawatsitse kuposa apo. Kwa okalamba onjenjemera pali sitepe imene imadumphidwa kawirikawiri: ayezedwenso ataimirira, pakatha mphindi imodzi ndi mphindi zitatu. Nambala ya pamwamba ikagwa ndi 20 kapena kuposa, mlingo uyenera kuonedwanso, chifukwa Parkinson payekha amagwetsa BP munthu akadzuka, ndipo chiuno chothyoka pa zaka 78 chimagoneka munthu osadzukanso. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera wa mu ndiwo, wa mu nsomba zouma zothira mchere ndi soda wa m'therere. Chingambwe chisiyidwe. Shuga ayezedwe. Ayezedwenso HIV ndi chindoko, ngakhale ali ndi imvi, chifukwa zonsezi zimawononga ubongo ndipo zili ndi mankhwala.

Manjenje a kumtundu aja, akafika polepheretsa kudya, pali propranolol, woyamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono. Wa mphumu asaukhudze, chimodzimodzi amene mtima wake umagunda mochedwa. Kapu yolemerako, yothiridwa theka, yogwira ndi manja awiri zigongono zili patebulo, imathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Inde, ena amaona kuti akalawa mowa manja amakhazikika kwa kanthawi. Mowawo ukatha m'thupi manjenje amabwerera mwaukali, BP imakwera, ndipo gogo woledzera ndiye wogwa.

Tsopano za anthu onyamula kamakina ka m'chikwama, aja amafika pa tsiku la msika kapena kubwereka kachipinda pa trading centre. Akuti gwirani kachitsulo aka, laputopu ionetsa ubongo wanu, chiwindi, impso, zonse m'mphindi imodzi, kenako mugule mabotolo atatu. Kachitsulo ka m'manja sikangaone mkati mwa chigaza. MRI yeniyeni ndi chimakina chodzaza chipinda, munthu amagona m'kati mphindi 20 mpaka 40 chikuchita phokoso, osagwedezeka, moti wa manjenje a mutu chithunzi chake nthawi zina chimatuluka chosaoneka bwino. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre inaikidwa mu 2008, ndipo inali nkhani ya dziko lonse. Ndiye ikwane m'chikwama? Ndalama za mabotolo atatu aja zikanakwana thiransipoti yopita ku kiliniki ya BP chaka chathunthu.

Aspirin naye anthu akumumwa ngati chiponde, akuti "amasungunula magazi". Timitsempha todwala tija sitimangotsekeka, timathanso kudontha, ndipo aspirin pamwamba pa BP yosalamulika akhoza kusandutsa kadontho kukhala kukha magazi mu ubongo, osanenapo za zilonda za m'mimba. Amene anadwalapo sitiroko yotseka mtsempha amamufunadi, koma wolamula akhale dokotala amene waona BP ndi chithunzi.

Mphini za pachipumi ndi m'manja sizifika kumene kuli vuto. Choipitsitsa ndi chija chimachitikira amayi okalamba: mutu ukugwedezeka, maso ali tong'o osaphethira, akuyankha mochedwa, usiku asochera pofuna chimbudzi n'kupezeka kuseri kwa nyumba ya eni. M'mawa mudzi wagamula kuti ndi mfiti. Chilichonse mwa zimenezi ndi chizindikiro cha matenda amene ndafotokozawa. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mwana amene akumva mayi ake akunenedwa choncho awatengere kuchipatala, apemphe kuti matendawo alembedwe m'buku, akaonetse kwa amfumu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Pali nthawi imene kujambula kumafunikadi, ndipo chodabwitsa n'chakuti pamenepo ndi pamene mabanja amazengereza. Pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wafooka mbali imodzi, mawu asokonekera mwadzidzidzi: nyamukani ola lomwelo, musadikire kuti kuche. Agogo anagwa pa kabaza kapena kugunda mutu pa mtanda wa chitseko milungu itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayo, tsopano akugonagona, mutu ukuwawa, akudzandira: akhoza kukhala magazi oundana pang'onopang'ono pakati pa chigaza ndi ubongo. CT imawaona m'mphindi zochepa, madokotala amaboola kabowo n'kuwatulutsa, munthu n'kubwerera kumunda. Kuyenda movutika, mkodzo wosagwirika ndi kuiwala zikabwera pamodzi m'miyezi yochepa, mwina ndi madzi ochuluka m'mphako za ubongo, amenenso nthawi zina amathandizika. Kukomoka koyamba muukalamba, kapena manjenje oyamba tsiku limodzi mbali imodzi, nazonso n'zofunika chithunzi. Njira yake ndi chipatala chachikulu cha boma lino, kapena cha ku Nkhotakota kwa a kumeneko, n'kulandira kalata yopita ku Kamuzu Central, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima.

Popita, tengani buku la kuchipatala, lakale lomwe. Tengani mapiritsi onse m'mapaketi mwake, a kugolosale ndi a zitsamba omwe, osabisa. Jambulani kavidiyo pafoni agogo atakhala phee, akumwa madzi, ndiponso akuyenda n'kutembenuka, chifukwa pamaso pa dokotala manjenje amatha kubisala kapena kukula ndi mantha. Woperekeza akhale amene amagona nawo nyumba imodzi, wodziwa kuti anagwa kangati mwezi uno ndipo amadzuka kangati usiku, osati mwana wa kutauni amene wafika dzulo.