Meya alibe mphamvu yogulitsa malo

M'matauni ngati Ulónguè ndi Moatize mumamveka zoti meya, makamaka akakhala loya kapena wabizinesi, angathe kugulitsa malo kwa amene wamukonda. N'zabodza zimenezo. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa kapena kupinyolitsidwa. Lamulo la nthaka la 1997 limangopatsa meya mphamvu yovomereza DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito malo, m'madera amene ali pa pulani ya tauni. Pempho limapita ku khonsolo, akatswiri amayeza malowo, ndipo polipira mumalandira lisiti. Mukapereka ndalama kwa wodzitcha "mnzake wa meya", mumatsala ndi kapepala kopanda mphamvu. Chogulitsika ndi nyumba imene yamangidwapo. Nzika imene yagwiritsa ntchito malo moona mtima kwa zaka 10 ili kale ndi ufulu pamalopo, ngakhale ilibe chikalata.