Mawu afike phazi lisanatere

Ku Scotland kuno ukwati wambiri sutha popanda ceilidh. Liwuli ndi la chinenero cha Gaelic, amalitchula kuti "keyili", ndipo kale linkatanthauza kuchezerana madzulo. Lero mukalimva dziwani kuti kuli gule wa aliyense, agogo ndi zidzukulu zomwe, akodiyoni ndi vayolini zikulira. Chimene chimadabwitsa mlendo n'chakuti ovinawo sanayesererepo. Kwathu aperekezi a akwati amatha milungu akukonza masitepe kuseri kwa nyumba. Kuno anthu 80, ena osadziwana n'komwe, amangoima m'mizere, ndipo pakatha mphindi zitatu onse akuvina chinthu chimodzi. Amene amachititsa zimenezi ndi munthu woima pambali pa oimba atagwira maikolofoni, wouza ovina masitepe, amene amamutcha caller. Imeneyo ndiyo ntchito yanga ya Lachisanu ndi Loweruka usiku, ndipo masiku ano ndimaphunzitsanso ena.

Aliyense wobwera kudzaphunzira amafika ndi nkhawa imodzi: kodi magule onsewa ndiwaloweza bwanji? Ndimamuuza kuti pamenepo pasamuvutitse mtima. Magule amene amabwerabwera pa maukwati ndi ochepa: Gay Gordons, Strip the Willow, Dashing White Sergeant, Canadian Barn Dance, Military Two Step, St Bernard's Waltz ndi ena angapo. Munthu wakhama amawaloweza mwezi usanathe. Chimene chimatenga zaka ndi kudziwa nthawi yotsegula pakamwa, ndi nthawi yotsekapo.

Tiyambe ndi nyimbo, pakuti zonse zatsamira pamenepo. Nyimbo zambiri za magule amenewa zili ndi ma bar 32, ogawidwa m'zigawo zinayi za ma bar 8. Bar imodzi ndi masitepe awiri a munthu woyenda, ndiye kuti chigawo chilichonse ndi masitepe 16, ndipo nyimbo yonse imazungulira kamodzi pa masitepe 64, kungopitirira pang'ono theka la mphindi. Tengani Dashing White Sergeant. Anthu atatu amayang'anizana ndi atatu anzawo. Chigawo choyamba onse 6 amagwirana manja n'kuzungulira kumanzere, kenako kubwerera. Chachiwiri wapakati amavina ndi wa kumanja kwake, n'kutembenukira kwa wa kumanzere. Chachitatu atatuwo amalukana ngati akulemba nambala 8 pansi. Chachinayi mizere imayandikizana, kubwerera m'mbuyo, kenako kudutsana kukakumana ndi atatu ena. Nyimbo ikatembenuka, gule watembenukanso.

Tsono vuto lili apa. Mukanena kuti "zungulirani kumanzere" pa nthawi imene chigawocho chikuyamba, mwachedwa kale. Khutu limve, mutu utanthauzire, phazi linyamuke: zonsezi zimafuna nthawi. Mawu anu ayenera kulowa m'masitepe anayi omaliza a chigawo chimene chikutha, n'kuthera pa sitepe yomaliza yeniyeni, kuti sitepe yoyamba ya chigawo chatsopano ipeze anthu akudziwa kale kopita. Caller amakhala patsogolo pa gule nthawi zonse, pamene maso ake akuona zimene zikuchitika panopa. Wophunzira aliyense amapunthwa pamenepa, chifukwa chibadwa cha munthu n'kunena zimene akuona.

N'chifukwa chake milungu yoyamba sindimupatsa ovina. Ndimamupatsa nyimbo pa foni, apite nayo kukhitchini kwake, aziwerenga mokweza mpaka 8, n'kuyambiranso, kufikira thupi lake lizimva lokha kuti nyimbo yatsala pang'ono kukhota. Kenako asiye kutchula 5, 6, 7, 8, m'malo mwake aikemo mawu a gule. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo ana a m'nyumba amakuseka, koma sindinaonepo njira yachidule.

Chachiwiri ndi kufotokoza gule nyimbo isanayambe. Apa ophunzira amachimwa chifukwa cha mtima wabwino: amafuna aliyense amvetse chilichonse, ndiye amalalikira. Anthu aima m'mizere, nsapato za ukwati zikuwaluma, ena akuyang'ana kale kumene kuli zakumwa. Ine ndimawerengera wophunzira mphindi ziwiri, wotchi ili m'manja. Mawu akhale m'ndondomeko yomwe thupi limawafunira: ndani, ndi dzanja liti, achite chiyani. Mu Strip the Willow chinsinsi chonse ndi chiganizo chimodzi, dzanja lamanja kwa mnzako amene wabwera naye, lamanzere kwa ena onse. Mukachinena bwino kamodzi, n'kutsika pansi kukaonetsa ndi anthu awiri, mwamaliza. Mukawonjezerapo mbiri ya guleyo, chiganizo chija chimira.

Ndipo mawu amene mwagwiritsa ntchito pofotokoza akhale omwewo pamene nyimbo ikulira. Mukati "tembenukani" pophunzitsa, musadzati "zungulirani" pakati pa gule. Kwa inu n'chimodzimodzi. Kwa bambo amene wavina koyamba lero, limenelo ndi lamulo latsopano, ndipo aima kakasi pakati pa mzere.

Munthu saphunzira ntchitoyi popanda anthu enieni pamaso pake, ndipo apa ndi pamene ife akale timalakwira achinyamata. Ukwati ndi wolipidwa, eni ake adzaukumbukira moyo wawo wonse, choncho palibe amene amafuna kuyesererapo wophunzira. Zotsatira zake maikolofoni imangozungulira m'manja mwa anthu omwewo mpaka imvi. Njira imene ndimatsata ndi ya madzulo a gule a m'maholo a m'madera, kumene anthu amabwera kudzangosangalala. Kumeneko ndimapereka gule mmodzi yekha kwa wophunzira, osati woyamba, pamene anthu akadali ndi manyazi, komanso osati wa kumapeto, pamene mowa wayamba kulankhula. Wachitatu kapena wachinayi. Oimba ndimawauziratu, ndipo ine ndimaima chapafupi koma pamene ovina sakundiona bwino, kuti asamayang'ane kwa ine.

Chaka china ndinali ndi mtsikana wa kwathu, namwino, amene ankavina bwino kuposa Asikoti ambiri. Ndinamupatsa Dashing White Sergeant. Anafotokoza bwinobwino, nyimbo inayamba, ndipo maso ake anamatirira pa kakhadi kamene analembapo masitepe. Mawu ankatuluka pa nthawi yake, osaphonya. Koma kumbuyo kwa holo gulu lina linali litasokonekera pa kulukana kuja, atatu ena n'kudzawagunda, chipwirikiti chikuyenda kubwera kutsogolo, iye osaona kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa: khadi ndi ovina sungaziyang'ane pamodzi. Atatsika, thukuta lili kamukamu, anati, "Ankolo, ndawononga gule wa anthu." Ndinamulozera kumbuyo kuja. Osokonekerawo anali akuseka mpaka kugwirana mapewa. "Iwe, ukuona wolira pamenepo?" Ndinamuuza chinthu chimodzi chokha usiku umenewo: ulendo wotsatira khadi likhale m'thumba, ndipo asankhe gulu lofooka kwambiri m'holomo n'kumaitanira limenelo. Gulu la akatswiri silimufuna.

Ndinamuphunzitsanso pambuyo pake chochita zinthu zikasokonekera. Osathamangitsa gule kuti anthu apeze pamene anaphonya, sangapapeze. Auzeni abwerere pamalo awo, adikire, ayambe limodzi nyimbo ikafika poyambira. Ndipo ngati wina ayenera kusenza mlandu, ausenze caller. "Pepani, ndalakwitsa ndine" pa maikolofoni imamasula anthu kuposa nthabwala iliyonse.

Pali luso lina limene ophunzira samaliyembekezera, la kuchepetsa mawu. Gule akazungulira koyamba mumanena chiganizo chonse. Kachiwiri mumadula. Pofika kachitatu kapena kachinayi liwu limodzi likwanira, ndipo mukaona kuti mapazi agwira, khalani chete, anthu amve vayolini. Anabwerera nyimboyo, osati mawu anu. Mukaona gulu lina layamba kutsetsereka, mumalowanso ndi mawu awiri n'kutulukanso. Oimba nawo musawaiwale: auzeni pasadakhale ngati mukufuna reel kapena jig, yomwe ndi mitundu iwiri ya nyimbo zovinira, ndipo gwirizanani chizindikiro chosonyeza kuti uku n'kuzungulira komaliza. Caller wosakweza chala pa nthawi yake amasiya oimba akumaliza nyimbo anthu ali pakati pa mzere.

Nanga amene wayamba kale kuitanidwa ku maukwati, amakula bwanji? Magule ena ali ndi dongosolo lake. Bungwe la Royal Scottish Country Dance Society, limene Jean Milligan ndi Ysobel Stewart anayambitsa ku Glasgow mu 1923, lili ndi mayeso a aphunzitsi ndiponso sukulu ya chaka ndi chaka ku St Andrews. Koma gule wawo ndi wina: ovina amaphunzira m'makalasi, ndipo kawirikawiri amangokumbutsidwa masitepe nyimbo isanayambe. Ku America oitanira gule wotchedwa square dance ali ndi bungwe lawo la CALLERLAB kuyambira 1974, limene linagwirizanitsa mayina a masitepe kuti wovina wa dera lina amve caller wa dera lina. Pa ceilidh palibe amene adzakufunseni setifiketi. Zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa khomo ndi lotsegukira aliyense, koma zimatanthauzanso kuti munthu angathe kulakwitsa chinthu chomwecho zaka 20 popanda womuuza.

Ovina sangakuuzeni. Pakhomo potuluka onse amati zinali bwino kwambiri, ngakhale usiku umene inu mukudziwa kuti munawazunza. Amene amadziwa zoona ndi oimba, chifukwa amakhala kumbuyo kwanu sabata ndi sabata ndipo aona ma caller ambiri. Mufunseni wa akodiyoni funso lolunjika, monga lakuti ndi gule uti amene ndinatalikitsa kufotokoza, ndipo adzakuyankhani mosapsatira.

Mboni ina ndi foni. Ine ndinadzijambula mawu koyamba nditagwira kale ntchitoyi zaka zingapo, ndikudziona ngati katswiri. Pomvetsera m'galimoto ndinachita manyazi ndekha. Liwu la Chingerezi lotanthauza "chabwino" ndinalinena mwina pa chiganizo chilichonse. Nthabwala imene ndinkaiona ngati yanga yapamwamba ndinaibwereza kawiri usiku umodzi. Choipa kwambiri, pamene mayi wina anasokoneza dzanja, mawu anga anamveka ngati a mphunzitsi wa pulayimale wokalipa, ndipo holo yonse inamva. Kuyambira pamenepo wophunzira wanga aliyense amadzijambula, ndipo tikakhala pansi patapita masiku awiri kapena atatu, amayamba ndi iye kunena zimene wamva. Nthawi zambiri amatchula yekha chimene ndinkafuna kumuuza. Ine ndimangowonjezera chimodzi. Mukamupatsa zolakwa 7 nthawi imodzi, sakonza ngakhale chimodzi, ndipo mwina sabweranso.

Ndimawakakamizanso zinthu ziwiri. Choyamba, kabuku: tsiku, malo, anthu angati, magule amene anavinidwa, ndi pamene panavuta. Pakatha chaka kabukuko kamaonetsa zimene mutu unaiwala, monga kuti gule wakutiwakuti amagwa nthawi zonse pakakhala ana ambiri. Chachiwiri, azipita kukavina pamene akuitanira ndi munthu wina. Ukaima pansi pakati pa anthu, sipika ikukokomera, mnzako akukukoka dzanja, m'pamene umazindikira kuti theka la mawu a caller silifika n'komwe kumbuyo kwa holo. Umabako ndi mawu abwino. Kwa caller wina ndinatengako chizolowezi chosanena kuti "amuna uku, akazi uku", koma "mzere wa kuzenera" ndi "mzere wa kukhomo", pakuti pa ukwati akazi awiri amavinira limodzi nthawi zonse ndipo mwana wa zaka 6 amakoka agogo ake aamuna.

Namwino uja tsopano ali ndi oimba ake. Mwezi wa January, nyengo ya maphwando okumbukira Robert Burns, mlakatuli wa ku Scotland amene anabadwa pa 25 mwezi umenewo, ntchito imachuluka moti timagawana. Ulendo wina ndinapita kukavina kumene ankaitanira iye, ndinaima dala m'gulu la kumbuyo kwenikweni. Pa Strip the Willow ananena mawu maulendo awiri oyamba, kenako anatsitsa maikolofoni n'kumangogwedeza mutu motsatira ng'oma. Potuluka anandigwira mkono nati, "Ankolo, inu munapereka dzanja lamanzere kwa mnzanu kawiri konse. Ndinakuonani."