Khansa ya tiziwalo topanga malovu: chimachititsa kuti wina achire, wina ayi, n'chiyani?

Malovu amachokera m'tiziwalo tikulutikulu tomwe tili m'malo atatu, mbali zonse ziwiri za nkhope: kutsogolo kwa khutu, pansi pa nsagwada ndi pansi pa lilime. Palinso tina ting'onoting'ono mazanamazana m'milomo ndi kumwamba kwa m'kamwa. Zotupa zambiri zimamera kutsogolo kwa khutu, ndipo mwa zotupa 10 za pamenepa, pafupifupi 8 si khansa. Koma kachiwalo kakachepa, mpata woti chotupa chake ndi khansa umakula. Chotupa cha pansi pa lilime kapena kumwamba kwa m'kamwa musachinyozere ngakhale chitakhala ngati nsawawa.

Matsagwidi amatupitsa masaya ndi kupweteka, koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amaphwa. Anthu ena omwe ali ndi HIV amatupanso pafupi ndi makutu popanda khansa. Chokayikitsa ndi chotupa cholimba cha mbali imodzi chimene sichikuphwa, nthawi zambiri chosapweteka n'komwe. Kusapwetekaku ndiko kumanyenga anthu.

Madokotala akafuna kudziwa momwe matendawa ayendere, amayamba ndi mtundu wa khansayo. Mitundu ilipo yoposa 20, ndipo imasiyana kwambiri. Acinic cell carcinoma ndi mucoepidermoid carcinoma yofatsa zimakula pang'onopang'ono, ndipo ambiri amachira akachitidwa opaleshoni. Salivary duct carcinoma ndi yaukali, imafalikira msanga. Mtundu wa khansa sudziwika ndi maso ayi, amachita kutenga kanyama ka chotupacho ndi singano n'kukapima.

Kenako amayang'ana kukula. Chotupa chosapitirira masentimita 2 chimachizika bwino kuposa chomwe chadutsa masentimita 4. Amafufuzanso ngati khansa yalowa m'anabere a m'khosi kapena yafika kutali monga m'mapapo. Ziwerengero za ku America zikuonetsa kusiyanaku poyera: khansa ikapezeka isanatuluke m'kachiwalo, odwala oposa 9 mwa 10 amakhala ali moyo patatha zaka 5, ikafika m'anabere kapena m'minofu yoyandikana, ndi pafupifupi 7 mwa 10, ikafalikira kutali, ndi 4 okha mwa 10. Kumbukirani kuti awa ndi anthu omwe chithandizo chonse ali nacho pafupi.

Nkhani ya mtsempha ndiyofunika kuimva bwino. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pakati penipeni pa kachiwalo ka kutsogolo kwa khutu. Chotupa chomwe si khansa sichikonda kuuwononga. Ndiye mukaona pakamwa papotoka, diso likukanika kutsinzina, kapena tsaya lachita dzanzi mbali yomwe kuli chotupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kunena mosabisa, odwala omwe afika apa amakhala ndi mwayi wochepa poyerekeza ndi omwe nkhope yawo ili bwinobwino. Ukalamba nawo umachepetsa mwayi.

Chithandizo chenicheni ndi opaleshoni. Dokotala akachotsa chotupa chonse osasiyako kanthu m'mbali, khansa siibwerera kawirikawiri. Ngati katsalako, kapena mtundu wake ndi waukali, amawonjezera radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi kuwala kwamphamvu kochokera m'makina. Kutemera mphini pachotupa, kuchifinya kapena kuchiboola sikuchotsa khansa, kumangodya nthawi ndi kubweretsa zilonda. Ngakhale chotupa chomwe si khansa, chotchedwa pleomorphic adenoma, chikakhala zaka zambiri osachotsedwa chimatha kusanduka khansa. Chipatala cha boma lanu chingathe kukutumizani ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mtundu umodzi uli ndi khalidwe lakelake: adenoid cystic carcinoma. Imayenda mwakachetechete motsatira mitsempha. Ambiri amadutsa zaka 5 ali bwino, koma imatha kubwerera patatha zaka 10 kapena 15, kawirikawiri m'mapapo. Amene anapezeka ndi mtundu umenewu asasiye kupita kukaonedwa pamasiku omwe dokotala walemba m'buku lawo lachipatala, ngakhale bala litapola kalekale ndipo akulima ngati kale.