Mpingo suletsa kuchiza kusabereka, inu mukungochedwa

Mwezi sutha ndisanalandire mayi amene wakhala pabanja zaka 8 kapena 10 wopanda mphatso. Ndikamufunsa kuti anali kuti nthawi yonseyi, amati: "Adokotala, ife ndi Akatolika, zakuchipatalazi Mpingo umaletsa." Anakuuzani ndani, mayi? Ndine dokotala wa amayi, ndinenso Mkatolika, ndipo mawu amenewa anditopetsa.

Mankhwala othandiza mazira kukhwima, opaleshoni yotsegula machubu odutsamo mazira akatsekeka, kuchotsa zotupa za m'chiberekero, kuchiza chinzonono chimene chinabisala zaka, zonsezi Mpingo umaloleza. Zikalata za ku Vatican, Donum Vitae cha 1987 ndi Dignitas Personae cha 2008, zimapereka muyeso umodzi: chithandizo chithandize mwamuna ndi mkazi kuti mwana abwere mwa kukhala kwawo malo amodzi, chisalowe m'malo mwake. Chimene chimakanidwa ndi IVF, komwe dzira ndi umuna zimakumanitsidwa mu labotale, komanso kubwereka umuna, dzira kapena chiberekero cha munthu wina. Zoti azakhali alowetse fisi usiku, musandifunse n'komwe.

Ndinenenso ichi, chifukwa ndamvapo miseche kumphakati: mwana wobadwa mwa IVF ndi mwana ngati wina aliyense, amabatizidwa ngati wina aliyense. Mpingo umatsutsa njirayo, sutsutsa mwanayo.

Pali banja lina limene limandisowetsa tulo. Atalephera zonse, anagulitsa puloti n'kupita ku Johannesburg. Anabwerako ndi pathupi pa mapasa, ndipo anawo lero ali kusukulu. Koma mu labotale munapangidwa miluza isanu, ndiye kuti mazira amene akumana kale ndi umuna. Iwiri inaikidwa m'chiberekero, itatu inaumitsidwa mu nayitirojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Chaka chilichonse kumabwera kalata ya ndalama zosungira. Mayiyo anachotsedwa chiberekero atataya magazi ambiri pochira, moti sangatengenso pathupi. Tsiku lina anandifunsa: "Adokotala, aja atatu aja ndi ana anga kapena ayi? Ndikasiya kulipira, ndawapha?"

Ndinamuyankha monga ndimakhulupirira: inde, ndi anthu, moyo wawo unayamba pamene dzira ndi umuna zinakumana. Funso lachiwirilo ndi limene linandiuma pakamwa. Kuitaya miluzayo n'kosaloledwa. Kuipereka kuti aichitire kafukufuku n'kosaloledwa. Kuipereka kwa banja lina losabereka, Dignitas Personae imakana. Ngakhale mayi wofuna kuitenga kuti angoipulumutsa, chikalatacho chimayamikira cholinga chake koma chimati njirayo ili ndi mavuto ofanana ndi enawo, mpaka chimavomereza poyera kuti apa pali chisalungamo chimene sichingakonzedwe. N'chifukwa chake mu 1996, chaka chimene ku Britain anawononga miluza yoposa 3,000 itakwanitsa zaka zisanu zimene lamulo linkalola, Papa Yohane Paulo Wachiwiri anapempha madokotala kuti aleke kupanga miluza. Banja lija likulipirabe. Sindiliweruza, ndimalipempherera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mayiyu machubu ake anatsekeka ndi matenda amene akanachizika ndi mapiritsi a masiku ochepa. Zaka zisanu ndi chimodzi zinathera kwa asing'anga akuti "munamangidwa", kumwa zitsamba zowawa, kuika mankhwala kumaso, kenako kwa aneneri ogulitsa mafuta odzozedwa. Pofika kwa ine n'kuti madzi atafika kale m'khosi.

Choncho mvetsetsani. Mukatha chaka mukukhala malo amodzi popanda kulera koma pathupi osaoneka, pitani kuchipatala. Ngati mayi apitirira zaka 35, musadikire chaka, miyezi isanu ndi umodzi yakwana, chifukwa mazira amachepa ndi msinkhu ndipo palibe mtengo wa m'tchire umene ungawabweze. Abambo, musamangotumiza akazi anu. Nthawi zambiri vuto limapezekanso kwa mwamuna, pamene wonyozedwa kuti chumba ndi mkazi. Kumaliseche kukamatuluka zachilendo, kapena pachinena pakamapweteka, landirani mankhwala nonse awiri sabata yomweyo. Ndipo ngati wina wakuuzani za IVF, musanalipire tikiti khalani pansi ndi abambo mfumu komanso dokotala, mufunse kuti kudzapangidwa miluza ingati, nanga yotsalayo idzapita kuti.