Chuku mu mtedza ndi chimanga: moto suchotsa poizoni wake

Kwa alimi, ogulitsa mbewu ndi amayi olera ana m'maboma a Dedza ndi Ntcheu.

Nyengo yokolola ikafika, pali mawu amodzi amene amamveka paliponse, kuyambira pamsika wa Chimbiya mpaka ku Lizulu: akuti mtedza ukachita chuku ungoukazinga bwinobwino, poizoni amafa ndi moto. Si zoona. Ndipo amene akuvulala ndi bodza limeneli ndi ana, chifukwa mtedza wabwino umapita kwa mavenda, pamene wamphwephwa ndi wothimbirira umatsala pakhomo n'kusinjidwa kukhala nsinjiro za m'phala.

Chuku ndi nguwi imene imamera pa mbewu zachinyezi. Mitundu iwiri ya nguwiyi, Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus, imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Imakhala m'dothi, imalowa mu mtedza ukavutika ndi ng'amba pamene ukukhwima, ukabooledwa ndi chiswe kapena khasu, ndiponso ukasungidwa usanaumitsitse. Chimanga nacho chimodzimodzi. Moto umaphadi nguwiyo, koma poizoni amene yasiya kale mu njere amatsala. Madzi a nsima amawira pa madigiri osapitirira 100, pomwe aflatoxin amalimba mpaka kupyola madigiri 200. Kukazinga kumamuchepetsa koma sikumuthetsa, ndipo wotsalayo akhoza kuwonongabe chiwindi.

Poizoniyu anadziwika m'chaka cha 1960, nkhukutembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 ku Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Chimanga chimenecho sankadya chosaphika ayi. Chinkadutsa pamoto monga mmene chathu chimadutsira.

Ena amati, ngati poizoniyo saoneka, inu mumadziwa bwanji kuti alimo? Funso labwino, ndipo yankho lake lili ku labotale. Njira yakale koma yodalirika yoyezera imatchedwa thin-layer chromatography, mwachidule TLC, ndipo imayenda motere.

Woyeza amagaya mtedza wonse umene wabwera, makilogalamu angapo, n'kuusakaniza. Pa ufawo amatapapo magalamu 50 n'kuwakhutchumula m'botolo ndi mankhwala osungunula, kawirikawiri chloroform kapena methanol wosakaniza ndi madzi. Amasefa, amachotsa mafuta ndi zina zosokoneza, kenako amaumitsa madziwo mpaka kutsala timadontho. Akatero amatenga galasi la masentimita 20 mbali zonse, lopakidwa ufa woyera wa silica gel mopyapyala ngati kota ya milimita. Amalemba mzere ndi pensulo pafupifupi masentimita 2 kuchokera pansi, n'kudontheza pamzerewo kadontho ka mtedza uja. Pambali pake amadontheza timadontho ta aflatoxin weniweni amene mlingo wake ukudziwika kale. Galasilo amaliimika m'chibotolo chovundikira momwe muli mankhwala amadzimadzi a chloroform ndi acetone, magawo 9 kwa gawo limodzi.

Madziwo amakwera m'galasimo monga palafini akwerera m'chingwe cha koloboyi, ndipo pokwera amanyamula zonse zimene zinali m'kadontho kaja. Koma sizikwera mofanana. Zina zimakakamira pa ufa woyera uja n'kutsalira m'munsi, zina zimathamanga ndi madzi. Madzi akayandikira kumwamba, galasi limachotsedwa n'kuumitsidwa. Mukaliyang'ana pamenepo ndi loyera mbee, palibe chooneka. Mukalowa nalo m'chipinda chamdima n'kuyatsa nyali ya UV, yofanana ndi ija younikira ndalama zachinyengo, timadontho timayamba kuwala: awiri abuluu, awiri obiriwira. Mayina oti B1, B2, G1 ndi G2 anachokera pamenepa, pa zilembo zoyamba za mitundu iwiriyi m'Chingerezi. Woopsa kwambiri ndi B1. Kadontho ka mtedza wanu kakaima pamsinkhu umodzi ndi ka aflatoxin wodziwika uja, n'kuwalanso mofanana, ndiye kuti poizoni alimo, ndipo kukula kwa kuwalako kumasonyeza kuchuluka kwake. Pofuna kutsimikiza amawazapo sulphuric acid wosungunula: aflatoxin amasanduka wachikasu, ndipo kadontho kamene sikasintha mtundu si iyeyo.

Mtedza wokazinga nawo umawala pagalasipo. Chiponde chimawala. Nsinjiro zimawala. Galasi silifunsa ngati mbewuyo inadutsa pamoto.

Ntchitoyi ili ndi mbuna zake. Silica gel amayamwa chinyezi, choncho nthawi ya mvula kapena ya nkhungu ngati ya pa Dedza boma, galasi liyenera kuyamba laikidwa mu uvuni pa madigiri 110 kwa ola limodzi, apo ayi timadontho timapakana osasiyanitsika. Madzi a m'chibotolo akapitirira mzere wa pensulo amatsuka timadontho tonse ndipo ntchito yafera pomwepo. Inki ya bolopeni imakwera nawo madzi n'kudetsa galasi. Dzuwa limawononga aflatoxin amene ali pagalasi, n'kupangitsa kuti aoneke wochepa. Masiku ano ma labotale ali ndi njira zina zamakono, kuphatikizapo timapepala toyezera mwachangu, koma vuto lalikulu kuposa onsewa ndi limodzi pa njira zonse, ndipo limachitikira kumudzi osati ku labotale: katengedwe ka mbewu yokayezetsa. Poizoni sakhala mofanana m'thumba lonse. Njere zochepa chabe zikhoza kunyamula pafupifupi poizoni yense. Mukatapa dzanja limodzi pakamwa pa thumba, kapena mukasankha njere zokongola kuti musachite manyazi, zotsatira zidzanena kuti zili bwino pamene thumbalo ndi loopsa. Tapani pamwamba, pakati ndi pansi, m'matumba osiyanasiyana, mpaka zikwane makilogalamu angapo. Ikani m'thumba la pepala kapena la nsalu louma, osati m'jumbo momwe mbewu imachita thukuta nguwi n'kupitiriza kumera panjira. Lembani mudzi, tsiku ndi kumene mbewuyo inasungidwa. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni kotumiza. Kuyeza kotere kumachitika kumalo ngati Chitedze Research Station ku Lilongwe ndi Malawi Bureau of Standards ku Blantyre.

Pena timamva za anthu ounikira mtedza ndi katochi koyezera ndalama zachinyengo. Musadzinamize. Pa njere yathunthu pali zambiri zimene zimawala zosakhala aflatoxin, ndipo poizoni weniweniyo akhoza kubisala m'kati osawala konse.

Mlingo umene tikunena ndi wochepa zedi. Mayiko a European Union salola aflatoxin mu mtedza wodya anthu kupitirira magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi. Kunena kwina, galamu imodzi ya poizoniyu ndi yokwanira kufikitsa pa malire amenewo matumba 5,000 a makilogalamu 50. Ndiye diso lanu kapena lilime lanu lingagwire chiyani pamenepo? Mtedza wowawa ndi woipadi, ulavuleni, koma wosawawa sizitanthauza kuti ndi wabwino.

Poizoni wochepa wa tsiku ndi tsiku sagwetsa munthu lero. Amadya chiwindi mwakachetechete, ndipo bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linamuika m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa. Kwa munthu amene ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri. Kwa ana, kafukufuku amaugwirizanitsa ndi kupinimbira. Amadutsanso m'mkaka, wa mayi ndi wa ng'ombe womwe, n'chifukwa chake chimanga chowola kapena madeya ake si chakudya cha ziweto. Si chofululira thobwa kapena masese. Kuwiritsa chimera sikusiyana ndi kukazinga mtedza.

Chotero musanyowetse mtedza kuti usavute kusenda. Musauwunjike pansi ukadali wauwisi. Uimikeni pa Mandela cock, mulu wozungulira wokhala ndi mpata pakati wodutsa mpweya, kapena muuyanike pathandala mpaka njere zizilira m'makoko mukagwedeza. Chimanga chiume kufika pa chinyezi cha 13 peresenti musanachiike m'thumba, ndipo matumba akhale pamitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Sankhani njere imodziimodzi palichero. Zamphwephwa, zosweka, zobooka ndi zosintha mtundu zikwirireni kapena zitentheni. Kusankha n'kumene kumachotsa poizoni wambiri, osati chiwaya.

Munthu akayamba kusanza, kupweteka m'mimba, maso kuchita chikasu, miyendo kapena mimba kutupa, makamaka akakhala awiri kapena atatu odyera mphika umodzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musayambe mwadikira kuti muone ngati ndi malungo, ndipo musamupatse mankhwala azitsamba, chiwindi chake chalema kale. Palibe mankhwala ochotsa aflatoxin m'thupi. Chimene achipatala angachite n'kuthandiza wodwalayo chiwindi chisanatheretu, ndipo izi zimatheka akafika msanga. Banja lonse lisiye kudya za m'thumba limenelo pomwepo. Musalitaye, musaligulitse. Tapani ufa kapena mtedza wake monga tafotokozera, mupite nawo limodzi ndi wodwalayo, ndipo mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kuti akaone mabanja ena amene anagula kapena kugawana mbewu yomweyo.