Amayi, kukhala chammbali pa kabaza wa njinga yamoto n'koopsa

Kumidzi ambiri amati mayi waulemu amakhala chammbali pa kabaza, miyendo yonse mbali imodzi. Chizolowezichi chinachokera pa njinga yakapalasa, yomwe imayenda pang'onopang'ono. Njinga yamoto siilola zimenezo. Mukakhala chammbali, mawondo sagwira mpando ndipo phazi limodzi limangolendewera, ndiye woyendetsa akakhota mwadzidzidzi kapena kumanga mabuleki pamchenga, mumagwa chagada, mutu n'kumenya pansi. Nsonga ya chitenje nayonso ikakodwa m'tcheni kapena m'masipoko imakukokerani pansi njinga ikuthamanga.

Khalani mwendo uku mwendo uku, mapazi onse ali popondera. Valani buluku mkati mwa chitenje, nsonga zake muzipinde n'kuzikhalira. Kwerani ndi kutsikira kumanzere, chifukwa ekizozi nthawi zambiri imakhala kumanja ndipo imawotcha katumba.